Nkhokwe ya Mizati ya Mkuyu

Ana inu, pali mawu amene mumangotola pakamwa pa akulu osadziwa kuti adabadwa ndi misozi ya yani. Tamverani za a Chadzunda.

A Chadzunda adali mmisiri woluka nkhokwe. Mwana wawo Ndaziona atakwatiwa, pakhomo padabwera mkamwini dzina lake Lingani, munthu wakhama koma wokulira m'tauni, kumene chimanga amachidziwira m'thumba.

Chaka chimenecho munda udabereka kwadzaoneni. A Chadzunda adakhala pansi ndi mkamwini, namuonetsa kung'amba nsungwi ndi kuluka kwake. Lingani adagwira msanga. Koma za mizati yonyamula nkhokwe adangomuuza kuti, "Mukadule mitengo yolimba." Iye adatsikira kudambo nakadula mkuyu, poti adauona kunenepa.

A Chadzunda atangoiona mizatiyo, mtima udati phwii. Mkuyu ndi ndiwo ya chiswe, ndani sadziwa? Koma mkamwini ndi munthu wochita naye manyazi, sumulozera cholakwa ngati mwana wako. Ndiponso iwo adali asanaiwale momwe apongozi awo adawanyazitsira pagulu chaka chawo choyamba pamudzipo.

"Bwanji pamenepa, bambo?" adafunsa Lingani akupukuta thukuta.

"Zili bwino, atate. Mwagwiratu ntchito."

Chimanga chitalowa, adadutsa Nachisale, msuweni wa Ndaziona, mkazi wosasunga mawu m'masaya. Adagogoda mzati ndi chala, kenaka nkumutsina Lingani khutu anthu akuona.

"Alamu, mwamangira banja kapena mwaphikira chiswe phwando? Zulani izi, mukadule muwanga mvula isanagwe!"

Anthu adaseka. Lingani adapita kwa apongozi ake khutu likadali lotentha.

"Bambo, akuti mizati yanga njoipa. Nzoona?"

Apa ndiye padali pothyolera khosi la nkhaniyi. A Chadzunda adayang'ana nkhope ya mnyamatayo, naona manyazi aja amene iwo adawasenza zaka makumi atatu.

"Asiyeni, nchibwana cha pachilamu chabe."

A Chadzunda adamukalipira Nachisale, ndipo iye adasiya kuponda pakhomopo. Mumtima a Chadzunda ankati, ndidzachirikiza ndekha mwakachetechete. Koma kudabwera kulima, kudabwera kubzala, mawa nkukhala mawa lina.

Mwezi wa Januwale kudagwa maliro kutsidya kwa mtsinje. Banja lonse lidapita, mtsinje nkudzaza, nakhala komweko masiku asanu mvula ikukhuthuka. Pobwera adapeza nkhokwe ili gada m'matope, denga lili uko. Mizati idali itasanduka ufa mkati. Chimanga china chidali chitamera, china chikununkha.

Njala ya chaka chimenecho musaifunse. Mwa amene adaseka tsiku lija palibe amene adabweretsa ngakhale kambale ka gaga, ndipo mayina awo ngodziwika mpaka lero. Amene adabwera ndi lichero la ufa adali Nachisale yekha, yemwe uja a Chadzunda adamupitikitsa.

A Kaliza, malume ake a Ndaziona, adaitanitsa ankhoswe.

"Mkamwini wotha kudyetsa chiswe, wolephera kudyetsa mbumba yanga, azipita kwawo."

"Wolakwa ndine," adatero a Chadzunda. "Ndidaona, osanena."

"Inunso ndinu mkamwini pano, alamu. Khalani chete monga mudakhalira chete tsiku lija."

Lingani adamanga kamtolo kake. Ndaziona adali ndi pakati, akulira kuseri kwa nyumba. Pamphambano mnyamatayo adagwada potsazika apongozi ake, ndipo sadakweze mawu.

"Bambo, ndidakufunsani kawiri. Mukadangondiuza, ndikadazula tsiku lomwelo. Amene adanditsina khutu uja ndiye adali mnansi wanga."

Sadabwererenso. Mwana adabadwa, nakula osawadziwa atate ake. A Chadzunda sadagwirenso nsungwi mpaka kumanda, ndipo luso lawo lidapita nawo.

Mpamene padachokera mwambi woti wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu wokuuza pamene walakwa, ngakhale mawu ake awawe, ndiye wakufunira moyo. Tsono inu a kusukulu, aphunzitsi akakubwezerani kope litafiira ndi inki, musamafufume masaya. Muziopa amene amangoti zili bwino. Nanunso ophunzitsa, chisoni chotseka pakamwa si chisoni ayi. Khutu la Lingani lidapola tsiku lomwelo, koma nkhokwe ija sidadzukenso.