Khadi Limodzi la Zione

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwalika, kunali mtsikana dzina lake Zione, amene ankaphunzira ntchito yosamalira anthu ovutika pa koleji ina mumzinda. M'chaka chomaliza, koleji idamutumiza ku boma lakutali kuti akaphunzire ntchitoyo poigwira kwa miyezi itatu. Bwana wa zachuma adamuuza kuti, "Nyamukani, mayi. Ndalama za nyumba, chakudya ndi maulendo zikupezani komweko Lachisanu."

Lachisanu lidafika, lidapita. Linanso chimodzimodzi. Akaimba foni, yankho linali lomwelo: "Mapepala ali patebulo la akuluakulu."

Ku ofesi adamupatsa nkhani ya Mwandida, mwana wa zaka khumi ndi zitatu, amene makolo adamuchotsa pasukulu kuti akakwatiwe. Mudzi wawo unali kuseri kwa phiri. Lamulo la koleji linali lakuti paulendo uliwonse mphunzitsi wamkulu wa kumudziko adinde chidindo m'buku la Zione. Zidindo zikapanda kukwana zisanu ndi chimodzi, zaka zake zonse za sukulu zikadalowa m'madzi, naye Mwandida akadalowa m'banja.

Zione ankachita lendi kwa Mayi Nagama, okazinga zitumbuwa pa depoti. Mwezi utatha, adamanga chikwama kuti achoke yekha asanathamangitsidwe.

"Ukupita kuti ndi chikwamacho?" adafunsa mayiwo. "Wasukulu wanji wothawa mayeso? Masula, mwanawe. Tenga mtondo undisinjire nthochi."

Kuyambira tsikulo Zione adadya m'mbale imodzi ndi ana awo, ndipo za lendi sizidatchulidwenso.

Ulendo woyamba adauyenda wapansi, nsapato zili m'manja. Pobwerera adakumana ndi wakabaza, dzina lake Sandikonda.

"Achemwali, boma likuyenda wapansi masiku ano?" adamuseka. Koma atamva za Mwandida, kuseka kudatha. "Wanga mlongo adamukwatitsa ali Sitandade 5. Kwerani."

Maulendo asanu otsalawo adamunyamula ulere, makasitomala a m'mawa n'kumakwera njinga za anzake. Tsiku lina mtsinje utadzaza, adaoloka njinga ili paphewa, buku la zidindo atalikulunga m'jumbo n'kuliluma ndi mano.

Paulendo wachisanu ndi chimodzi makolo adagonja. Mwandida adabwerera m'kalasi, atavala yunifolomu yobwereka yofika m'mapazi.

Ndiye imvani manyazi ake! Koleji ija, imene sidatumize ngakhale tambala, idalemba kalata kuti Zione alipire ulendo wa mphunzitsi wodzamuyesa, apo ayi buku lake silichongedwa. Zione adalira pafoni kwa achimwene ake, a Lembani, mlimi wa ana atatu. Iwo adali ndi thumba limodzi la feteleza, ndipo chimanga chinali chitafika m'mawondo. Adalikweza panjinga kukaligulitsa.

"Bambo a Chifuniro, ana awa adzadya digiri?" adafunsa akazi awo ali pakhomo.

"Adzadya madeya chaka chimodzi," adayankha a Lembani osatembenuka.

Chimanga chidachita chikasu, ndipo madeya anawo adadyadi.

Zione adakhoza. Patatsala sabata kuti alandire satifiketi, adapita ku koleji kukatenga makadi a alendo a ku mwambo wolandirira masatifiketi. Bwana wa zachuma uja adamupatsa limodzi.

"Limodzi lokha, bwana? Ndili ndi anthu atatu."

"Holo ndi yaing'ono, mayi. Mipando yakutsogolo ndi yathu ndi alendo olemekezeka. Koma nkhani ya kamtsikana kaja tidzaitchula, anthu amve mmene koleji yathu imapulumutsira ana."

"Nanga ndalama zija?"

"Zikubwera Lachisanu."

Zione adatuluka, nakhala pansi pa mtengo, khadi lili pamiyendo. Mayi Nagama anali atasoketsa kale chilundu. Sandikonda anali atauza anzake onse pa siteji kuti akupita kukaona digiri ya njinga yake. Kwa a Lembani, akazi awo adachapa jekete limene amuna awo adavala paukwati n'kuliyanika padzuwa.

Popanda mbale ya mayiwo, Zione akadabwerera kwawo mwezi woyamba. Popanda njinga, buku likadakhala ndi chidindo chimodzi. Popanda thumba la feteleza, zidindo zonsezo palibe akadaziwerenga.

Amene adalonjeza osapereka adzakhala kutsogolo, pamipando ya wofuwofu, popanda wowafunsa khadi. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, muuzeni Zione: khadi limodzili alipereke kwa yani, ndipo awiri otsalawo akawauze chiyani?