Chipukutamisozi cha Mwendo wa Che Lajabu

Che Lajabu Mkwepu anafika kwa Shehe Wadi Chikwenga swala, pemphero la masana, itangotha, dzuwa la Okutobala litakwiya nawo anthu a ku Ntaja. Anatsikira panjinga kuseri kwa mpanda, kuti pabwalo alowe yekha ndi ndodo zake monga mwamuna. Kuchokera pachipata kukafika pakhonde si patali, koma iye anakafika malaya atamatirira kumsana.

Shehe anali pansi, akusoka mkeka wa mumzikiti umene unang'ambika m'mphepete. Anali nkhalamba yowonda, ya mawu ochepa, imene inaphunzitsa amuna ambiri a dera limenelo kuswali adakali ana. Lajabu anali mmodzi wa iwo.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Walaikumu salamu, Che Lajabu. Khalani pampandopo, pansi pangakuvuteni podzuka. Kunyumba kuli bwanji?"

"Alihamudulila, tilipo."

"Nanga mwendo?"

"Wotsalawu uli bwino. Winawo unatsogola."

Nkhani ya mwendowo panalibe wosaidziwa. Lajabu anali wa kabaza, wa njinga yopalasa, wonyamula anthu ndi matumba pakati pa msika ndi midzi ya kumtunda. Tsiku lina lole ya simenti, pozemba dzenje la mumsewu, inamuomba kumbuyo, ndipo kuchipatala anaudula mwendo m'munsi mwa bondo. Dalaivala wa loleyo, Che Ndaila, sanathawe. Anamunyamula yekha kupita naye kuchipatala, ndipo Lajabu atatuluka m'chipatala, Ndaila anabwera ndi amalume ake kumzikiti wa kwawo kwa Lajabu tsiku Lachisanu kudzapepesa pamaso pa anthu. Lajabu anaimirira ndi ndodo zake nati, "Ndamukhululukira chifukwa cha Allah. Nkhani yathera pano." Amuna akuluakulu anapukuta misozi tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo, munthu amene kale ankangoitanidwa ndi likhweru pamsika anayamba kusungiridwa malo pamzere woyamba, ndipo makolo polangiza ana ankati, onani Che Lajabu. Tisanamizane, zimenezi zimakoma, ngakhale kwa munthu amene m'nyumba mwake ufa watha.

"Ndabwera ndi dandaulo la m'nyumba, Shehe," anatero Lajabu. "Akazi anga, Abiti Sumani, sakundipumitsa. Achimwene awo amene amagwira ntchito ku Liwonde awauza kuti lole ija inali ndi inshulansi, ndipo kampani imapereka chipukutamisozi kwa wogundidwa, kaya anali wapansi, kaya wa njinga. Akuti nthawi yokadandaula ili ndi malire, ndipo yanga yatsala pang'ono kutha. Akufuna ndipite kupolisi kukatenga lipoti, kuchipatala kukatenga lina, kenaka kwa loya ku Zomba. Koma ine ndinalankhula kale pamaso pa anthu, mumzikiti. Lero ndimeze mawu anga? Ndikaike mwendo pasikelo ngati nyama ya kubuchala? Zimene Allah analemba ine ndazilandira. Ndikupempha muwauze mawu, mwina inu akumverani. Aphunzire kupirira monga ndikupirira inemu."

Shehe anakoka mlaza, naumanga, osafulumira.

"Ndalamazo zikachokera m'thumba mwa Che Ndaila?"

"Akuti ayi, n'za kampani. Che Ndaila omwe anatumiza uthenga kuti ndipite, iwo akachitira umboni."

"Akawamanga?"

"Ayi, zimenezo zinatha kale."

"Ndiye chikukuopsani n'chiyani?"

"Anthu adzati chiyani?"

Mawuwa anangotuluka okha, ndipo Lajabu atawamva anachita nawo manyazi. Anafuna kuwakonza, koma zimene zinatsatira zinali zoona kuposa zimene anabwera atakonzekera.

"Ndatopa, Shehe. Ndatopa ndi mabenchi a m'chipatala. Ndatopa kumasula nsalu kuti anthu osawadziwa aone chitsa chimenechi, wina alembe, wina anene kuti bwerani sabata yamawa. Chimene chanditsalira ine ndi mawu aja basi. Njinga sindipalasa, khasu sindigwira. Ndikataya mawu aja nditsala ndi chiyani?"

Shehe anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene naye kutopa akukudziwa.

"Za malamulo a boma ine sindidziwa, mwananga, zimenezo mukafunse odziwa. Ndingofunsako changa chaching'ono. Kwanu n'kutsidya kwa mtsinje, ndipo njira yake ndi yamchenga ndi chitunda. Mwabwera bwanji kuno?"

"Panjinga. Ija yomweyi, anaiwongola."

"Wopalasa ndani?"

Lajabu anayang'ana ndodo zake.

"Sapalasa, Shehe. Amachita kukankha."

"Ndani?"

"Abiti Sumani."

"Ali kuti?"

"Ali panja. Ndinati nkhaniyi tiyambe takamba amuna."

Shehe anaika singano pamkeka, nagwira mzati kuti adzuke, chifukwa maondo ake nawonso anali atatha ntchito. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chikho cha madzi a mumtsuko, nayamba ulendo wa kuchipata wopanda nsapato, pamchenga wotentha chotero. Lajabu anafuna kunena kuti atume mwana, koma nkhalamba inali itapita kale. Sakanachitira mwina, anatola ndodo zake n'kutsatira.

Abiti Sumani anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, njinga itatsamira patsinde, mutu atauika pamaondo. Tulo tinali titamuba. Atamva mapazi anadzidzimuka, nakokera mpango kumutu, nagwada.

"Pepani mayi, ndakusiyani panja, sindinadziwe," anatero Shehe, maso ali pansi. "Imwani madzi."

Analandira ndi manja awiri, namwa chikho chonse osapumira. Lajabu anaima pambali akumuyang'ana, ndipo anazindikira kuti papita nthawi asanamuyang'ane kumaso masana. Panjinga iye ankakhala pakaliyala, choncho ankangoona msana wake wokha utawerama pachiwongolero. Lero anaona mafupa a m'khosi atatuluka. Anaona patapata womangidwa ndi waya, ndi zidendene zong'ambika, chimodzi chikuchucha magazi pang'ono pamene mchenga unalowa. Ankadziwa kuti m'mawa uliwonse mkaziyu amatungira madzi anthu oumba njerwa, madzulo n'kusenza nkhuni kupita nazo kumsika. Kudziwa ankadziwa ndithu, koma ankadziwa ngati mmene munthu amadziwira kuti kunja kukutentha iye ali pamthunzi.

Shehe anakhala pamuzu wa mtengo, potalikirako.

"Abiti Sumani, tsiku limene amuna anu anakhululukira Che Ndaila, inu munali kuti?"

"Ndinali mbali ya azimayi, Shehe, kuseri kwa khoma. Ndinangomva amuna akufuula kutamanda Allah. Zimene zinanenedwa ndinazimvera panja, titatuluka."

"Anayamba akufunsani?"

Mayiyo anayang'ana mwamuna wake, kenaka chikho chimene chinali m'manja mwake.

"Mwendo ndi wawo, Shehe."

"Nanga inu mukufuna chiyani? Nenani, musaope. Amuna anu andiuza mbali yawo mwaulemu, inunso nenani yanu."

"Ine Che Ndaila ndilibe nawo chifukwa. Inenso ndinawakhululukira, ngakhale palibe anandimva. Koma ndatopa, Shehe. Msanawu ukukana. Mvula ili pafupi, munda sindinasose, ana akudya kamodzi. Achimwene akuti kuli miyendo yochita kupanga, munthu amavala n'kumayenda, n'kumagwira tintchito. Sindikufuna kulemera ine. Ndimangofuna Lachisanu aziyenda okha kupita kumzikiti, chifukwa chitunda cha kumeneko chindipha."

Ananena zimenezi mosadandaula, ndi mawu a munthu amene ngakhale mphamvu yokwiya inamuthera. Lajabu anamva kutentha kumaso. Lachisanu lililonse mkaziyu ankamutsitsa kuseri kwa mpanda wa mzikiti, monga anachitira lero, kuti iye akalowe yekha ndi ndodo, anthu akum'patsa njira mpaka pamzere woyamba.

Komabe munthu sagonja msanga pamaso pa mkazi wake. Anakonza pakhosi nati:

"Shehe, si inu munatiphunzitsa kuti kukhululuka kuli ndi malipiro aakulu? Si inu munati wopirira Allah amakhala naye? Tsono ine ndalakwa pati?"

"Ndinaphunzitsa, ndipo sindikubweza," anayankha Shehe. "Ndinaphunzitsanso kuti chipembedzo chathu sichiletsa wovulazidwa kulandira chipepeso cha bala lake, koma mwina tsiku limenelo munali mutapita kokathyola mango. Khalani pansi, mwananga, mwendo umodzi usakuimitseni nthawi yaitali."

Lajabu anatsetsereka ndi tsinde la mtengo mpaka pansi. Abiti Sumani anatambasula dzanja kuti amugwirize, mwachizolowezi, osaganiza n'komwe. Shehe anadikira mpaka onse atakhazikika.

"Che Lajabu, Che Ndaila munawakhululukira, ndipo Allah alandire. Mawu amenewo musawabweze, ndipo palibe akukupemphani kuti muwabweze. Munakhululuka ululu wanu ndi mkwiyo wanu. Zimenezo zinali zanu, munali ndi ufulu wozipereka. Koma mwendo uja sunkayendera inu nokha. Unkapalasira mayiwa, unkapalasira ana anu. Munthu amapereka sadaka, mphatso ya chifundo, kuchokera pa chake, ndipo msana wa Abiti Sumani si wanu woti muupereke sadaka kuti anthu akutameni Lachisanu. Pitani kupolisi mawa, nthawi isanathe. Mukanene zoona zokhazokha, osawonjezera bala limene mulibe, osabisa limene muli nalo. Mabenchiwo mukakhalepo, chitsacho mukachionetse, akakuuzani kuti bwerani sabata yamawa mukabwererenso. Kumeneko ndiye kukhale kupirira kwanu, chifukwa kumeneko kulibe wokuyamikani."

"Nanga anthu?" anafunsa Lajabu, mawu ali pansipansi.

Shehe anatenga chikho chopanda kanthu m'manja mwa mayiyo, nagwira tsinde kuti adzuke.

"Anthu andiuza zambiri za kupirira kwa Che Lajabu, ndipo ndinkafuna nditakuona ndi maso anga. Lero ndakuona, mwananga. Munakusiya panja pa mpanda, kuli ndi ludzu, zidendene zikutuluka magazi."