Mazira a Nkhanga ku Mlalang'amba Wowala

Nkhanga ndi Kangaude ankakhala pa tchire limodzi, koma anasiyana maganizo pa za kumwamba. Nkhanga anali waphuma, ndipo anali atatopa ndi Ng'azi amene ankamumwera mazira chaka ndi chaka. Ndiye anaganiza zokaikira kutali, ku umodzi mwa milalang'amba, magulu akuluakulu a nyenyezi aja. Anasankha waung'ono wonyezimira kwambiri, chifukwa cha kukongola basi.

Kangaude anali wodekha. M'bandakucha uliwonse ankayang'ana nyenyezi kudzera m'mame a pa ukonde wake. Kuwala kukalowa m'dontho kunkagawikana ngati utawaleza, ndipo mitunduyo inkamuuza zimene zili m'nyenyezimo.

"Achemwali, mlalang'amba mwasankhawo ndi wanthete," anatero Kangaude. "Muli mpweya wopepuka wokhawokha. Chitsulo ndi laimu, mwala woyera uja wolimbitsa zigoba, n'zosowa."

"Nyenyezi ndi nyenyezi, achimwene," anayankha Nkhanga. "Zingasiyane pati?"

"Nyenyezi zimaphika zinthu zolemera m'mimba mwake, ndipo zikafa zimazimwaza ngati manyowa m'munda. Kwathu kuno zinafa zambiri kalekale, n'chifukwa chake tili ndi dothi ndi miyala. Uko sizinafe zokwanira. Nanga chigoba cha dzira mukachipanga ndi chiyani?"

"Inu za m'kadontho zakulowani m'mutu," anatero Nkhanga. Anakupiza mapiko n'kunyamuka, mbalame yomwe ikangouluka kuwoloka munda umodzi imapumira m'mwamba!

Atafika anapeza kuti kukuwaladi, moti anasangalala tsiku loyamba. Koma kunalibe nthaka yopalasa, ngakhale kamwala kapena kachigoba ka nkhono koti atole. Anazungulira nyenyezi ina ndi ina kufuna poti atere, osapapeza. Nthawi yoikira inamukwanira ali m'malere.

Mazira anatuluka khumi ndi awiri, onse ofewa ngati tomato wakupsa. Anayesa kuwafungatira ndi mapiko, koma ankaphulika limodzi limodzi iye akuona. Zinali zomvetsa chisoni.

Anabwerera kwawo ataonda. Kangaude sanamuseke, anangomulonjera n'kupitiriza kuluka. Nkhanga anapalasa dothi, natola kamwala, nakayang'ana nthawi yaitali asanakameze. Chaka chimenecho anzake onse ankayenda ndi anapiye pambuyo, iye akuyenda yekha.

Phunziro: Zinthu zofanana poziona patali zimasiyana m'kati. Usanapereke ana ako kumalo achilendo, yamba wafunsa zimene zili kumeneko, ndipo umvere amene anazifufuza modekha.