Dzina Limene Linamulemera Rukiya

Tsiku lina titangomaliza swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, pa madrasa yathu ku Ntaja panafika mphunzitsi wa kupulayimale, a Sumani Kalinde, manja akadali mbuu ndi choko. Anapeza Shehe Twaibu Mkwanda, Allah awachitire chifundo, atakhala pamkeka pakhonde, akusoka chikuto cha buku. Ine ndinali mwalimu wa ana aang'ono pamenepo, choncho nkhaniyi sindinachite kuuzidwa.

Atapatsana salamu, a Kalinde sanazungulire.

"Shehe, ndabwera ndi nkhani ya Rukiya, mwana wa a Bwanali. Mumudzudzule. Inuyo amakumverani."

"Walakwanji, Aphunzitsi?"

"Ulesi! Mwana uja chiyambire sukulu palibe womuposa. Chaka chino tafika pa masamu ovuta, iye wangoti zii. Ndikamuitana kubolodi, akuti mutu ukuwawa. Tsiku la mayeso sabwera n'komwe. Bambo ake anenetsa kuti teremu ino ikatha chonchi amusiyitsa sukulu, azikawathandiza kugolosale."

Shehe anaika singano pansi. "Mumamumenya?"

"Ine? Ayi ndithu. Kukoleji tinaphunzira za maganizo a ana, kuti mwana amalimbikira ukamamuyamika. Ndiye palibe mwana amene ndamuyamika ngati ameneyu."

A Kalinde anali munthu wabwino, ndinene zoona, kungoti koleji yawoyo ankaithira ngati mchere, m'ndiwo iliyonse.

"Mumati chiyani pomuyamikapo?" anafunsa Shehe.

"Ndimauza kalasi yonse kuti Rukiya ndi wanzeru, mutu wake ndi wakuthwa, onse atengere iyeyo chifukwa salakwa."

"Salakwa?"

"Sanalakwepo, Shehe."

"Ndipo chaka chino mwamupatsa samu imene angathe kuilakwa."



Shehe anapitiriza mofatsa. "Zolemba za akatswiri anu a maganizo a anawo nanenso ndinawerengako pang'ono. Anagawa ana pawiri. Ena akakhoza ankawauza kuti ndi anzeru, ena ankawauza kuti alimbikira. Atawapatsa mwayi wosankha ntchito yotsatira, ambiri mwa otchedwa anzeru aja anasankha yophweka, poopa kuti dzina lingawachoke. Rukiya si waulesi, Aphunzitsi. Mwamusenzetsa chidebe chodzaza ndendende, kenako mukumuuza kuti athamange."

"Zandiwawa zimenezi, Shehe," anatero mphunzitsi uja. "Ine ndimayesa ndikumukweza. Mwana ameneyu akasiya sukulu chifukwa cha pakamwa panga, sindidzapeza mtendere. Ndiye ndileke kumuyamika?"

"Musaleke. Yamikani njira imene wadutsa, ndi pomwe wabwerezanso atalephera. Koma zimenezo zokha sizikwana. Ndikufunseni: lero mwapemphera kumbuyo kwanga?"

"Lero ayi, koma Lachisanu lililonse."

"Ndikamawerenga Kur'ani mokweza m'swala, n'kudumpha ayah, ndime imodzi, chimachitika n'chiyani?"

"Wina wakumbuyo amakukumbutsani."

"Swala imafa?"

"Ayi. Mumabwerera, n'kuwerenga bwino, n'kupitiriza."

"Mawa lake anthu amasiya kunditcha imamu?"

"Ayi, Shehe."

"Mwezi wathawu wondikumbutsa anali telala wa pamsika, amene ndinamuphunzitsa ndekha alifu ndi bee, zilembo zoyamba za Chiarabu. Mzikiti wonse unamva, ana omwe. N'chifukwa chake ana a pano sachita manyazi akakodwa powerenga, amaona ndevu zoyera zikukodwa n'kudzukanso. Nanga a m'kalasi mwanu anakuonanipo inuyo mutalakwitsa?"

A Kalinde anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wogwidwa. "Ndikalakwitsa pabolodi ndimafufuta msanga ndi chikhatho asanaone. Mphunzitsi ayenera kusunga ulemu wake."

"Ndiye m'chipinda chimenecho muli anthu awiri osalakwa, inu ndi Rukiya. Inu muli ndi chikhatho chofufutira. Iye alibe, n'chifukwa chake amadwala mutu."

Apa ine ndinatsokomola kuti kuseka kwanga kusamveke. A Kalinde sanandiyang'ane n'komwe. Anasendera pafupi ndi mkeka, mawu atatsika.

"Ndamva, Shehe. Ndiye mawa ndikalakwitse dala samu imodzi, kuti iye aone?"

Shehe anatolanso singano yawo.

"Ayi, limenelo ndi bodza, ndipo ana amalinunkhiza msanga. Simukufunika kuchita kupanga, Aphunzitsi. Mumalakwa kale. Mungosiya kufufuta."