Mkazi wa Abusa pa Mzere wa Amasiye

Panali munthu wina amene Mulungu anamuitana kuti akhale mbusa, ndipo iye anavomera ndi mtima wonse. Dzina lake musandifunse. Asanavale kolala anali atakwatira kale mtsikana wa kumudzi, mwana mmodzi yekha wa mayi ake. Anabereka ana awiri aakazi, wamkulu Tisungane, wamng'ono Yankho.

Banja limeneli linali ndi mwambo wake wa nyengo ya Khirisimasi. Mwezi wa Novembala ukamatha, bamboyo ankapita kumsika n'kugula nsalu imodzi yaitali. Telala ankasoka malaya a bambo, diresi la mayi ndi timadiresi ta ana, zonse pansalu yomweyo. Tsiku la Khirisimasi ankapita kutchalitchi anayi onse, ofanana ngati nkhanga. Akaweruka, mayi ankapha bakha amene anamuweta yekha, n'kuphika mpunga, ndipo bambo ankagawa nyama ndi dzanja lake. M'mawa mwake ankanyamula makasu kupita kumudzi kwa mayi a mkaziyo, kukawapalirira chimanga masiku atatu. Kumeneko mbusayo ankavula kolala, n'kupinda buluku, n'kugwira khasu ngati mkamwini wina aliyense. Ana ankatola mango mpaka milomo kuchita zilonda.

Pachaka chonse, masiku anayi amenewo okha ndiwo anali a banjalo. Mkaziyo sanapemphepo lachisanu.

Kenaka mbusayo anatumizidwa ku mpingo waukulu wa paboma, wokhala ndi nthambi zisanu ndi ziwiri. Anali mlaliki wa mphatso. Akaima pagome, ngakhale ogona ankadzuka. Anthu anamukonda, ndipo chikondi chawo chinali cha njala. Kukamacha, pakhonde pa nyumba ya abusa pankakhala patadzaza kale. Wina mwana wadwala, wina wayambana ndi mkazi, wina wagula galimoto akufuna alipempherere. Ena ankangobwera kudzaona nkhope ya abusa, n'kukhala mpaka nthawi ya chakudya. Mbusayo sankabweza munthu.

Chaka choyamba anaiwala kugula nsalu. Mkazi wake anakagula yekha, nasoketsa. Koma m'mawa wa Khirisimasi mbusayo anatuluka m'chipinda atavala suti imene anamupatsa mkulu wina wa mpingo. Anati mwini wake angakhumudwe akapanda kuiona. Malaya atsopano anatsala pabedi.

Chaka chachiwiri anabwera kunyumba ndi anthu khumi ndi awiri, oimba ochokera ku nthambi ina, osanena n'komwe. Analamula kuti bakha apite kwa alendo. Ana ake anadyera mpunga ndi msuzi, kukhitchini. Alendowo anapita akulengeza njira yonse kuti sanaonepo mbusa wopatsa chotere.

Chaka chachitatu akulu a mpingo anaika msonkhano wa chitsitsimutso pa masiku atatu otsatira Khirisimasi. Anati ndi pamene anthu amakhala ndi mpata. Mbusayo ankadziwa bwino kuti masikuwo anali ndi eni ake, koma anavomera. Mkazi wake anakwera minibasi ndi ana ndi makasu. Atafika, mayi ake anasuzumira kumsewu nafunsa kuti, “Nanga akamwini?”

“Ali pa ntchito ya Mulungu, amayi.”

Mayi okalambawo anangotenga khasu lawo, natsogola kumunda.

Masiku wamba nawo anali chimodzimodzi. Tisungane atagonekedwa m'chipatala ndi malungo, bambo ake anabwera tsiku lachitatu. Anayambira kukhomo, kupempherera odwala bedi ndi bedi, ndipo pa bedi la mwana wake anafika pomaliza. Anamusanjika dzanja pamutu maso ali pa wotchi. Mwana yemweyo atasankhidwa kupita kusekondale, mbusayo anamvera nkhaniyo kwa mkhristu wina amene anabwera kudzamuyamikira.

Musaganize kuti mkaziyo anangokhala chete. Analankhula.

“Bambo a Tisungane, ana akukusowani. Inenso ndikukusowani.”

Mbusayo anayankha ndi mawu ofatsa, a pagome, amene amapweteka kuposa kukalipa. “Mayi, kodi mukufuna ndisiye nkhosa za Mulungu chifukwa cha bakha?”

Mkaziyo anapita kwa ankhoswe. Ankhoswe anabwera, nakhala pampando, naona mabuku ali mbwee pashelefu ndi kolala ili pakhosi pa mbusayo. Anati, “Munthu wolangiza maukwati a boma lonse, ife tingamuuze chiyani?” Anamwa tiyi, napempha kuti abusa awapempherere ulendo.

Anapita kwa amayi akuluakulu a mpingo. Iwo anamugwira dzanja nati, “Amayi busa, pirirani. Munakwatiwa ndi munthu wa anthu.” Asanatuluke n'komwe, mmodzi wa iwo anamutuma kuti akauze abusa abwere mawa kudzadalitsa okala yake yatsopano.

Chaka chachinayi mayi a mkaziyo anadwala miyendo, moti khasu linawakanika. Mvula inagwa bwino ndipo udzu unapitirira chimanga. Mkaziyo sanapemphenso masiku atatu. Anapempha tsiku limodzi lokha, lotsatira Khirisimasi. Mbusayo analonjeza. Koma patatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ifike, akulu atatu a mpingo anafika pakhomo. Anati munthu wina wolemera wa mumpingomo akutsegulira nyumba yake yogona alendo tsiku lotsatira Khirisimasi, ndipo wanena kuti sakufuna mlaliki wina koma abusa eni ake. Mkaziyo anali pomwepo, atagwada, akuikira alendowo madzi akumwa. Mbusayo sanamuyang'ane n'komwe. Anati, “Kamuuzeni kuti ndidzafika.”

Mpingowo unali ndi chizolowezi chabwino. Tsiku la Khirisimasi, mapemphero akamatha, ankapereka mphatso kwa amayi amasiye ndi ana amasiye: kaphukusi ka mpunga, shuga, mchere ndi sopo. Olandira ankaima pamzere pakati pa tchalitchi, ndipo abusa ankapereka ndi manja awo.

Tsikulo mbusayo analalikira za banja. Analalikira mpaka thukuta. Anadzudzula abambo amene ana awo amawaona ngati alendo, anadzudzula amuna osiya akazi awo akulima okha. Amayi anaimba nthungululu. Atatsika pagome anaima kutebulo la mphatso, ndipo mlembi wa mpingo analengeza kuti onse amene alibe amuna ndi ana amene alibe bambo abwere kutsogolo.

Mkazi wa mbusa ananyamuka pa benchi yakutsogolo. Anagwira Tisungane dzanja ili, Yankho dzanja ili. Anthu anayesa akupita kukathandiza kugawa. Koma sanapite kutebulo. Anayenda mpaka kumapeto kwa mzere, naima.

Mkulu wina wa mpingo anamuthamangira nanong'oneza kuti, “Amayi busa, malo anu si ano.”

“Malo anga ndi ano.”

“Mzere uno ndi wa amene alibe amuna.”

“Chilengezo ndachimva bwino, bambo.”

Mkuluyo anafuna kumukoka mkono. Koma patsogolo pawo panaima mayi wina wachikulire, amene anaika mwamuna wake m'manda zaka khumi zapitazo. Mayiyo anatembenuka, nalankhula osatsitsa mawu.

“Asiyeni. Ife amuna athu timadziwa pamene anagona. Awa sadziwa n'komwe kumene awo aswera lero. Munawagawana ali moyo ngati nyama ya paukwati, ndipo mwini wake simunamusiyireko ngakhale fupa. Sunthirani kuno, amayi, imani pafupi ndi ine.”

Mzere unayenda. Mbusayo ankapereka kaphukusi, n'kunena kwa aliyense kuti, “Mulungu akutonthozeni,” maso ali pa maphukusi. Zimene zinkachitika kumbuyo sanazione. Anatenga kaphukusi kena, natukula mutu, ndipo patsogolo pake panali mkazi wake atagwada ngati anzake onse, ana ali m'mbali mwake.

“Mayi, n'chiyani chimenechi?”

Mkaziyo sanakuwe ndipo sanalire. Anati, “Abusa, ndabwera ndi ana anga awiri. Bambo awo anachoka zaka zinayi zapitazo. Kunyumba amangobwera kudzasintha malaya.”

Dzanja la mbusayo linali likadali lotambasuka, kaphukusi kali m'manja. Yankho, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, anaona kuti ana ena onse analandira. Anatambasula manja awiri, nalandira, napinda bondo mwaulemu.

“Zikomo, abusa.”

Palibe amene anamuphunzitsa kuti anene choncho. Ndi dzina limene ankamva anthu akuitana munthu ameneyo tsiku ndi tsiku, ndipo lina anali atasiya kulitchula.

Mbusayo anayang'anitsitsa mwana wake. Kenaka anauza mlembi kuti amalize kugawa. Anadzutsa mkazi wake, nanyamula Yankho, natuluka pakhomo lalikulu anthu onse akuona. Tsiku lotsatira, munthu wolemera uja anatsegulira nyumba yake ndi mlaliki wina, ndipo nyumbayo sinagwe.

Tsono mverani chimene chimandiwawa mtima mpaka lero. Sabata isanathe akulu a mpingo anakhala pansi. Mukuganiza kuti anakambirana zopepesa kwa mayi uja? Ayi. Anagamula kuti mkaziyo wachititsa manyazi mtumiki wa Mulungu pa tsiku loyera. Anati ndi mkazi wosamvera. Zaka zinayi zonse anaona ana akukula opanda bambo, ndipo palibe amene anakwiya. Anakwiya tsiku limene zinaonekera poyera. Mbusayo atawauza kuti kuyambira pamenepo adzakhala ndi masiku ake a pakhomo, anati abusa azirala, mkazi wawalowa m'mutu. Analemba kalata ku likulu la mpingo, ndipo mvula isanathe banjalo linasamutsidwira ku kampingo kakang'ono kakutali. Pa anthu onse amene ankadzaza khonde lija, otsanzikana nawo anali owerengeka, ndipo mmodzi mwa iwo anali mayi wamasiye uja.

Ukwati unapulumuka. Yankho anazolowerananso ndi bambo ake msanga, chifukwa anali akadali wamng'ono. Koma Tisungane anali atapita kale kusukulu yogonera konko. Lero ndi mayi wa pabanja pake. Bambo ake amawalemekeza, amawagwadira powapatsa moni, amawatumizira mankhwala akadwala. Koma za mumtima mwake sanawauzepo ndi kamodzi komwe. Mbusayo analapa, ndipo Mulungu anamukhululukira, koma zaka zinayi zija sizinabwerere.

Tsopano ndilankhule ndi iwe, mwana wanga, amene takusanjika manja lero. Ine ndakalambira mu ntchito imeneyi, ndipo sindikuopa kukuuza. Usanalumbire pamaso pa mpingo uno, unalumbira kale pamaso pa Mulungu yemweyo, utagwira dzanja la mayi amene akhala apawa. Lumbiro lachiwiri silinafafanize loyamba. Tsiku limene udzayankhe mkazi wako ndi dzina la Mulungu pofuna kumutseka pakamwa, dziwa kuti sukutumikiranso Mulungu. Ukutumikira nthungululu. Kukana munthu wa pakhonde n'kovuta chifukwa amakadandaula kwa anthu. Kukana mwana wako n'kosavuta chifukwa amangolowa kuchipinda. N'chifukwa chake amantha amasankha kukana mwana.

Ndipo inu a mpingo uno, musamwetulire ngati fanizoli lakulambalalani. Mbusa uja sanadzibe yekha pakhomo pake. Anabedwa ndi anthu opemphera, ovala bwino, oimba bwino, onga inu. Muli ndi akulu a mpingo makumi awiri pano. Ngati onsewo sangathe kupempherera galimoto kapena okala, munawasankhiranji? Khirisimasi yatsala masabata awiri. Tsikulo mukaweruka, pitani kwanu mukadye ndi ana anu, ndipo pakhonde pa abusa pasapondeke phazi. Akatseka chitseko masiku angapo, musati azirala.

Ayang'aneni bwino anthu awa. Mayi awa abwera kuno ali ndi mwamuna, ndipo ana awa abwera ali ndi bambo. Tsiku limene adzachoke pa mpingo uno, mudzawabweze ali choncho.