Ntchafu ya Pitilosi

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Yotamu, bambo wa agogo anga a Elube. Ndinu magazi ake nonsenu, ngakhale iwe Chifuniro amene ukusuzumira mumphikamo. Tachoka apo, ukhale pansi! Nanunso mayi, mtengwa wathu watsopano, bwererani nazo mbalezo. Alendo ali pakhondewo sathawa. Mumve kaye chifukwa chake ndakuletsani.

Yotamu ameneyu sanali mbadwa ya muno ayi. Anabwera chikamwini, kudzakwatira Nankhoma. Ndiye mukudziwa mmene mkamwini amakhalira pamudzi pa eni: akatsokomola akuti wanyoza, akakhala chete akuti ngwonyada. Iye anati, chabwino, pabwalo ndilibe mawu, koma dzina langa lidzamveka ndi mbale. Ndipo linamvekadi! Munthu sankadutsa panjira ya kwa Yotamu pakamwa pali pouma. Ukangoti odi, nkhuku yagona kale. Mawu ake anali amodzimodzi, m'mawa ndi madzulo: "Mlendo ndi mame, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

Kodi ndi zoipa zimenezo? Ayi ndithu, mwambiwo ndi wa makolo. Koma tamverani.

Masiku amenewo mpunga sunali wa tsiku lililonse ngati mmene mukuupondera inu leromu. Unkaoneka pa Khirisimasi basi, kamodzi pachaka. Nankhoma ankaupeta dzulo lake, m'mawa n'kuuphika ndi nkhuku yokazinga bwino, ya anyezi ndi matimati, fungo lake mpaka kuchitsime. Anthu akatuluka m'tchalitchi, Yotamu ankaima panjira atavala jekete lake, n'kumakodola aliyense: "Tiyeni kuno, tiyeni kuno, kwathu kuli kamadzi!" Alendo pamphasa mbwee. Nanga ana ake awiri, Pitilosi ndi mlongo wake Elube, anali kuti? Kuseri kwa khitchini, kambale kali m'manja, kudikira. Chowafika chinali mutu, zipalapasiro, ndi nkhoko za mpunga zokokota mumphika. Chaka ndi chaka, mutu, zipalapasiro, nkhoko.

Nankhoma ankayesa kulankhula. "Bambo a Pitilosi, anawatu nawonso ali ndi pakamwa."

"Ana adzadya mawa, mayi. Ana ali pompano, akupita kuti? Mlendo ndi mame."

Tsono chaka china Pitilosi, ali kamnyamata koyamba kumene kupita kudambo ndi mbuzi, anapatsidwa mwanapiye ndi amalume ake. Eee, mmene anamulerera! Kumufukulira chiswe, kumubisa kwa kabawi, usiku kumugoneka mudengu kumiyendo kwake. Mwanapiye uja anakula n'kukhala tambala wofiira, wonenepa, woti akalira mudzi wonse udzuke. Khirisimasi itayandikira, Yotamu anamuyang'ana tambalayo, n'kumuyang'ananso mwana.

"Pitilosi, tambala wakoyu atichotse manyazi chaka chino."

Mwana anafunsa kuti, "Nanga ine ndidzadyako chiyani, bambo?"

"Ntchafu yathunthu ndi yako. Ndalonjeza ine bambo wako."

Mwamva? Analonjeza. Pitilosi anagwira yekha miyendo ya tambala wake pomupha, anathandiza amake kusosola, osagwetsa msozi. Ankangouza mlongo wake kuti, "Elube, lero ndikubenthulirako, uone mmene ntchafu imakomera."

Nankhoma, podziwa mwamuna wake, anapatula ntchafu ija ndi kampunga, n'kuvundikira ndi lichero kukhitchini. Alendo anabwera, anadya, ananyambita zala, anayamika, anapita. Pamenepo mayi anaitana ana. Pitilosi anasamba m'manja, anakhala pansi, mbale ili patsogolo pake. Agogo anga a Elube ankati mpaka ukalamba wawo ankaonabe madzi akudontha kuzala za mchimwene wawo.

Nthawi yomweyo panjira panadutsa munthu wina wogulitsa mipini, woti ngakhale dzina lake palibe ankalidziwa. Yotamu anamukodola. Munthuyo anakana, akuti wadya kale kutsidya. Yotamu anaumirira, mpaka munthu anakhala pamphasa.

"Nankhoma! Kamadzi kwa alendo!"

"Zatha, bambo."

"Zatha bwanji pakhomo pa Yotamu?"

Analowa yekha kukhitchini. Anaona mbale, anaona mwana, anaona manja onyowa aja. Mukuganiza kuti anabwerera? Ha! Anawerama n'kunyamula mbaleyo. "Udzadya ina, mwanawe. Iwe uli pompano."

Ndimati ndikafika pamenepa mtima umandipweteka, ngakhale sindinaliko. Mlendo uja analuma kawiri kokha, n'kunena kuti, "Pepani, ndakhuta zedi." Ntchafu yotsalayo anaiponyera galu wa pakhomo, ana akuona pampata wa khitchini.

Pitilosi sanalire. Bola akanalira! Mwana wolira umamutonthoza zikatha. Iye anangopukuta manja kukabudula, n'kupita kumbuzi zake. Kuyambira tsiku limenelo nkhuku ya pakhomo pa bambo ake sanailawenso. Amake akamupatsa, ankangoti, "Sungirani alendo." Mwaulemu bwinobwino, osakweza mawu. Yotamu ankaseka, akuti ndi zachibwana, zidzatha. Sanapepese. Bambo wa masiku amenewo kupepesa mwana? Ndani anaziona?

Mnyamata anakula, ndevu zinamera, anzake anayamba kupita ku Halale kukafuna ntchito, iyenso anamanga katundu. Tsiku lonyamuka Yotamu anapha nkhuku yaikulu kuti ikhale kamba wa panjira, ntchafu zonse ziwiri anakulunga yekha m'masamba a nthochi. Pitilosi anagwada, anatsanzika, anatenga mbatata zootcha za amake. Phukusi la bambo ake analisiya pamphasa.

"Sungirani alendo, bambo."

Anapita. Anzake ankabwerako ndi njinga ndi mabulangete, iye ayi. Anatchona. Khirisimasi ikafika, Yotamu anayamba kuuza mkazi wake kuti, "Patulani ntchafu imodzi, muvundikire, mwina afika lero." Ankaimabe panjira ndi jekete lija, koma maso sanalinso pa odutsa, anali kumtunda kumene njira ya ku Halale imatulukira. Dzuwa likapendeka, mbale ija ankaipereka kwa ana a Elube, iye osadya kanthu.

Patapita zaka, Yotamu atakalamba, khola litauma, alendo aja atasiya kudziwa njira ya kwake, kunabwera munthu wa mudzi wapafupi wochokera ku Halale. Nkhalamba inadzikoka ndi ndodo kukamuona.

"Mwana wanga munamuona?"

"Ndinamuona, ali bwino, ali ndi mkazi ndi ana. Koma ndi munthu wodabwitsa. Ndinadya kwake pa Khirisimasi. Ife alendo tinadikira mpaka ana ake onse atapakulidwa, aliyense ndi chiwalo chake. Mwiniwakeyo anadya zipalapasiro."

Yotamu anagwira ndodo ndi manja onse awiri. "Za ine anafunsako?"

Munthu uja anayang'ana pansi. "Anangofunsa ngati alendo akubwerabe."

Yotamu atabwerera kunyumba anakhala pakhonde. Kenako anaitana mwana wake wamkazi. "Elube, ine ndinali chitsiru. Ndinkati mlendo ndi mame, osadziwa kuti mwananso ndi mame. Mlendo akapita kumabwera wina. Nanga Pitilosi wina ndimutenga kuti?" Agogo anga ankati aka kanali koyamba kuona bambo awo akulira. Yotamu anamwalira mvula ya chaka chomwecho, mwana wake osamuonanso. Ndipo mpaka lero kuli abale athu kutsidya uko amene sitikuwadziwa nkhope, chifukwa cha ntchafu imodzi.

Ndiye mayi, musadabwe. Sikuti pakhomo pano timadana ndi alendo, ayi, adya ndipo akhuta. Koma kuchokera kwa a Elube mpaka lero, tsiku la chikondwerero mbale yoyamba ndi ya ana, ndipo chimene walonjeza mwana sichituluka pakhomo ngakhale atafika ndani. Mwana sakhala pompano mpaka kalekale.

Chifuniro, wasamba m'manja? Bwera nayo mbale yako. Mayi, muikireni ntchafu.