Mzamba Mfuko ndi Mauna a Manambala

Kalekale, ana inu, nyama zikadalankhula, kudambo kunali mzamba wokalamba dzina lake Mfuko. Maso ake sankaona, koma una uliwonse ankaudziwa ndi dzina. Kunali kwa Mpoza, kunali ku Chulu Chofiira, kunali kwa Nsenjere. Ukangoti, "Kwa Mpoza kwavuta," iye ulendo, kamtondo ka mankhwala kali kumutu.

Chaka china madzi anasefukira, mauna onse anagumuka. Nyama zinakumba atsopano kumtunda. Msulu, kapitawo wa ntchitoyo, anati, "Mayina aja apita ndi madzi. Tsopano tiziitana manambala."

Tsiku lina Mbewa anafika ali wefuwefu. "Amayi, akazi anga matenda ayamba. Una wachisanu." Atatero anathamanga kubwerera.

Mfuko anatsetserekera kudambo, kwa Mpoza kumene Mbewa ankakhala kale. Anaodira. Kunali zii. Mkazi wa Mbewa anachira yekha movutika.

Kenako anabwera Nchenzi. "Amayi, una wachiwiri." Mfuko anapita ku Chulu Chofiira. Anaodira. Anamuyankha ndi achule. Mwana wa Nchenzi sanakhale moyo.

Atabwera Nungu kudzamuitanira mkazi wake, Mfuko sanadzuke n'komwe. "Mwanangu, mudzi umene ndinkaudziwa unatha," anatero akulira.

Fisi, amene anali pakati pa nyama zimene zinasonkhana pakhomopo, anamva, nameza malovu. "Nkhalambayi yatha ntchito. Ndipatseni ndikaiperekeze kuthengo."

"Manja awo sanakalambe," anatero Kangaude, amene ankamvetsera ali pamwamba pa khomo. "Chasintha ndi mayina. Amayi, a Nungu ankakhala kuti kale?"

"Kwa Nsenjere," anayankha Mfuko. "Ndinawasambitsa ndine atangobadwa."

Kangaude anamanga ulusi pakhomo pa Mfuko, naukoka mpaka pa una watsopano wa Nungu. "Gwirani apa, amayi. Ulusi uwu dzina lake ndi kwa Nsenjere."

Mfuko anagwira, nalondola, nalondola, nafika. Dzuwa lisanapendeke, kamwana ka Nungu kanalira. Fisi anachoka mimba ili pululu.

Kangaude analuka ulusi wa banja lililonse, uliwonse ndi dzina lake lakale. Achinyamata ankaitana manambala awo, Mfuko ankaitana mayina ake, ndipo onse ankakumana pakhomo limodzi. Tiana tobadwira kumtunda tinkamufunsa kuti mpoza n'chiyani. Iye ankaima, dzanja lili pa ulusi, n'kutiuza kukoma kwa zipatso zake ndi mthunzi umene makolo awo ankasewerapo.

Ana inu, mukasintha mayina a zinthu, muzisiyira akale kanjira kolowera.

Yanga yathera pano. Kaoneni mbatata paphulusa isapserere.